Mfundo za chikhalidwe cha Britain m'sukulu za ku England: mafunso ndi mayankho

Makolo ambiri amene afika ku England ndi ana a msinkhu wa sukulu amayamba kuziona pakhoma. Pafupi ndi ofesi ya ahedi pamakhala chikwangwani chofiira, choyera ndi chabuluu, pamwamba atalembapo kuti British values, m'munsi muli zithunzi za ana atakweza manja ngati akuvota. Ena amangodutsa. Ena amabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, poganiza kuti sukulu yayamba ntchito yochotsa mwana wawo pa mwambo wa kwawo. Mayankho ali m'munsiwa ndi a makolo onsewa, komanso aphunzitsi ndi olera ana amene akufuna ntchito m'sukulu za kuno.

Kodi mfundo zimenezi ndi ziti?

Zilipo zinayi, ndipo boma linazilemba mwachidule kwambiri: demokalase, ulamuliro wa malamulo, ufulu wa munthu aliyense payekha, ndi kulemekezana komanso kulolerana ndi anthu a zipembedzo ndi zikhulupiriro zosiyana ndi zako, kuphatikizapo amene sapembedza n'komwe. Sukulu zina zimagawa yomalizayo pawiri kuti zikwane zisanu, mwana aziwerenga ndi zala za dzanja limodzi.

Malangizo amene unduna wa zamaphunziro unatulutsa mu Novembala 2014 amafotokoza zimene mwana ayenera kutuluka nazo m'sukulu. Adziwe mmene nzika wamba ingasinthire zochita za boma kudzera m'chisankho. Adziwe kuti makhothi ndi oima paokha, pomwe apolisi ndi asilikali amayankha ku Nyumba ya Malamulo. Adziwe kuti lamulo limateteza ufulu wosankha chipembedzo, kuti lamulo la dziko ndi losiyana ndi lamulo la chipembedzo, ndiponso kuti tsankho liyenera kuzindikiridwa ndi kukanidwa. Za tiyi, banja lachifumu kapena nsomba ndi tchipisi mulibemo, ngakhale kuti zaka zoyambirira aphunzitsi ambiri, posowa chojambula, ankadzaza makoma ndi zinthu zimenezi.

Zinayamba liti, ndipo chinachititsa n'chiyani?

Chiyambi chake si maphunziro ayi, koma nkhani za chitetezo. Mndandanda wa zinayiwu unaonekera mu 2011 m'ndondomeko ya boma yotchedwa Prevent, yolimbana ndi uchigawenga, nthawi imene Theresa May anali nduna ya zam'dziko. Boma linkafuna kufotokoza kuti munthu wa maganizo onyanyira ndi wotani, ndipo linati ndi amene amatsutsa mfundo zimenezi poyankhula kapena pochita. Chaka chotsatira mawu omwewo analowa m'malamulo a khalidwe la aphunzitsi, koma panthawiyo mphunzitsi ankangouzidwa kuti asaziphwanye.

Zinthu zinasintha chifukwa cha kalata ina yopanda dzina imene inafika ku khonsolo ya mzinda wa Birmingham kumapeto kwa 2013 ndipo inatuluka m'nyuzipepala mu Malichi 2014. Kalatayo inkaoneka ngati yolembedwa ndi Asilamu a maganizo okhwima amene akupangana zolanda utsogoleri wa sukulu za boma mumzindawo. Nkhaniyi inatchuka ndi dzina loti Trojan Horse. Bungwe loyendera sukulu la Ofsted linalowa m'sukulu 21, ndipo zisanu linaziika m'gulu la sukulu zolephera zofunika kuyang'aniridwa mwapadera. Imodzi mwa izo, Park View, yomwe ana ake ambiri anali Asilamu, bungwe lomwelo linali litaitamanda mu 2012 kuti ndi yopambana.

Nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, Michael Gove, inatuma Peter Clarke, yemwe kale anali mkulu wa apolisi olimbana ndi uchigawenga ku London, kuti akafufuze. Kusankha wapolisi wotereyu pa nkhani ya sukulu kunakhumudwitsa anthu ambiri ku Birmingham. Lipoti lake la mu Julayi 2014 silinapeze uchigawenga m'sukuluzo, koma linati panali anthu ogwirizana amene ankafuna kulowetsamo Chisilamu chosalolera ena. Kalata ija, anthu ambiri oifufuza amati inali yabodza, ndipo mwini wake sanadziwike. Milandu imene akuluakulu ena a sukuluzo anazengedwa pofuna kuwaletsa uphunzitsi inagwa mu 2017, zitadziwika kuti mbali ya boma sinaonetse maumboni ena amene inali nawo.

Koma lamulo linali litasintha kale. Mu Juni 2014 Gove analengeza kuti kusaphwanya kokha sikukwanira, sukulu zonse ziyenera kulimbikitsa mfundozi mwachangu. Nicky Morgan, amene analowa m'malo mwake mwezi wotsatira, ndiye anamaliza ntchitoyo. Mbiri imeneyi ndi yofunika kuidziwa chifukwa ndi imene imachititsa kuti makolo ena, makamaka Asilamu, akamva mawu amenewa azimva ngati akulozedwa chala.

Ndi lamulo lenileni kapena malangizo chabe?

Kwa sukulu zolipira, komanso ma academy ndi ma free school, amene ndi a boma koma sayendetsedwa ndi khonsolo, ndi lamulo lolembedwa m'miyezo imene inasinthidwa mu Sepitembala 2014. Kwa sukulu zoyendetsedwa ndi khonsolo, boma linagwiritsa ntchito lamulo lakale la maphunziro la 2002, limene limati sukulu ikuze mwana mu uzimu, makhalidwe ndi kakhalidwe ka pakati pa anthu, n'kunena kuti mfundo zinayizi zili m'kati mwa udindo umenewo.

Kusiyana kumeneku kuli papepala. Chimene ahedi amaopa ndi oyendera sukulu. A Ofsted akabwera amayang'ana makoma ndi mabuku, koma amakhalanso pansi ndi ana n'kuwafunsa mafunso, ndipo sukulu imene ana ake sakudziwa kanthu za zipembedzo zina kapena za chisankho ikhoza kulembedwa moipa. Si sukulu za Asilamu zokha zimene zapsapo. Kumayambiriro kwa 2015 sukulu ziwiri zachikhristu kumpoto chakum'mawa kwa England, Grindon Hall ku Sunderland ndi Durham Free School, zinalephera pa zifukwa zingapo kuphatikizapo nkhani imeneyi, ndipo ya ku Durham inatsekedwa chaka chomwecho. Sukulu zina za Ayuda osunga mwambo kwambiri ku London nazonso zakhala zikukangana ndi oyenderawa kwa zaka.

Kodi pali phunziro lake lapadera? Pali mayeso?

Ayi. Mwana salemba mayeso a mfundozi ndipo sizioneka pa lipoti la kumapeto kwa teremu ngati masamu. Zimamwazidwa m'maphunziro ena ndi m'moyo wa sukulu: pa asembule, m'phunziro la mbiri, la zipembedzo, ndi la unzika, limene lakhala m'silabasi ya ana a zaka 11 mpaka 16 kuyambira 2002.

Ku pulayimale nthawi zambiri demokalase imatanthauza kuvotera oimira kalasi m'komiti ya ana a sukulu. Ana amapanga kampeni, amayankhula pamaso pa anzawo, n'kuponya mavoti m'bokosi mwachinsinsi. Ulamuliro wa malamulo umayambira pa malamulo a m'kalasi amene ana amathandiza kulemba sabata yoyamba, ndipo mwina wapolisi wa m'dera amabwera kudzacheza nawo. Ku sekondale amachita zisankho zoyeserera dziko likamavota, amachita mitsutso, amaphunzira za Magna Carta ya 1215 imene inakakamiza mfumu John kuvomera kuti nayonso ili pansi pa lamulo, ndipo ena amakaona Nyumba ya Malamulo ku Westminster.

Sukulu zimasiyana kwambiri pamenepa. Pali zina kumene komiti ya ana imasinthadi zinthu, monga chakudya cha masana kapena malamulo a pabwalo la masewera. Pali zinanso kumene ana amavota chaka chilichonse koma palibe chimene anapemphapo chinachitika, ndipo phunziro limene mwana amatolapo ndi loti kuvota n'kungotaya nthawi. Funsani mwana wanu kuti komiti yawo yachitapo chiyani. Yankho lake likuuzani zambiri kuposa chikwangwani cha pakhomo chija.

Nanga ana a sukulu ya mkaka, zimawakhudza bwanji?

Zimawakhudza, ngakhalenso olera ana m'nyumba zawo amene analembetsa ku Ofsted. Kwa mwana wa zaka zitatu zimatanthauza kudikira nthawi yake, kugawana zidole, kusankha nthano imene awerengeredwe pokweza manja, ndi kusauzidwa kuti chidole ichi n'cha anyamata okha.

Tili ku Scotland. Bwanji sitinamvepo zimenezi?

Chifukwa maphunziro amayendetsedwa padera m'zigawo zinayi za United Kingdom, ndipo udindo wolimbikitsa mfundozi ndi wa sukulu za ku England. Ku Scotland silabasi yawo, Curriculum for Excellence, imanena za kukuza nzika zodalirika, ndipo kumeneko wachinyamata wa zaka 16 amavota kale pa chisankho cha nyumba yawo ya malamulo ku Edinburgh. Sukulu zambiri kumeneko zili paubale ndi sukulu za ku Malawi, makamaka chichitikireni mgwirizano umene Jack McConnell, nduna yaikulu ya Scotland ya nthawiyo, ndi Bingu wa Mutharika anasainirana mu 2005, choncho mwana wanu akhoza kumva dzina la Malawi pa asembule kawirikawiri kuposa mawu oti British. Wales ili ndi silabasi yake yatsopano imene inayamba mu 2022. Ku Northern Ireland nkhaniyi ingakhale yoyatsa moto, chifukwa pangano la mtendere la 1998 limalola munthu kudzitcha wa ku Ireland, wa ku Britain, kapena zonse ziwiri.

Kodi akufuna mwana wanga asiye chikhalidwe chathu?

Palibe pamene malamulo amanena zimenezo. Ana salumbira pa mbendera monga amachitira ana ambiri ku America, ndipo palibe lamulo loti sukulu ziziimba nyimbo ya fuko tsiku ndi tsiku. Kuyankhula Chichewa kunyumba, kudya nsima, kugwadira agogo, zonsezi zili pansi pa ufulu wa munthu umene sukuluyo ikuti ikuphunzitsa. Aphunzitsi odziwa ntchito amalimbikitsa makolo kuti asasiye chiyankhulo cha kwawo, chifukwa mwana wokhazikika m'chiyankhulo chimodzi savutika kumanga chachiwiri.

Kugundana kumabwera pa zinthu zing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku. Mwana woleredwa bwino kwathu sayang'ana wamkulu m'maso pomudzudzula, pomwe mphunzitsi wa kuno amaona ngati mwana wozolika akubisa kanthu kapena akuchita mwano. Kwathu mwana sabwezera mawu, kuno amapatsidwa mapointi chifukwa chotsutsa mphunzitsi ndi mfundo. Zimenezi n'zofunika kuwafotokozera aphunzitsi pa tsiku lokumana ndi makolo, osadikira kuti mwana alembedwe kuti ndi wamanyazi kapena wamakani.

Ndipo mfundo yolemekezanayi ndi chida chanu inunso. Mu Okutobala 2022 bungwe loona za ufulu ndi kusasankhana, Equality and Human Rights Commission, linachenjeza sukulu kuti malamulo a yunifolomu oletsa tsitsi lachilengedwe la anthu akuda, zingongo kapena malukidwe a mtundu wina akhoza kukhala tsankho losemphana ndi lamulo. Mwana akabwezedwa chifukwa cha mmene mwamulukira, pali poyambira.

Ndife Akhristu. Mwana wauzidwa kuti akukaona mzikiti. Tingakane?

Mungathe, ngati ulendowo uli mbali ya phunziro la zipembedzo. Ku England kholo lili ndi ufulu wochotsa mwana m'phunziro limeneli, lonse kapena mbali yake, komanso m'mapemphero a pa asembule, ndipo silikakamizidwa kupereka chifukwa. Ufulu umenewu unali kale m'lamulo la maphunziro la 1944 ndipo sunachotsedwe. Makolo achisilamu ali ndi ufulu womwewo pa ulendo wa ku tchalitchi.

Koma ganizirani kawiri. Ana sapita kukapemphera. Amavula nsapato, amaonetsedwa malo osambira m'manja ndi kumene anthu amayang'ana popemphera, amafunsa mafunso, n'kubwerera. Amene anakulira ku Mangochi, ku Machinga kapena ku Limbe amadziwa kuti kudziwa nthawi imene mnansi wako akusala kudya sikunasinthe chikhulupiriro cha munthu. Chodabwitsa kwa obwera kumene n'choti dziko limene ambiri amaliona ngati losapembedza lidakali ndi lamulo loti sukulu za boma zizikhala ndi mapemphero tsiku lililonse, ndipo kuyambira 1988 lamulo limati mapempherowo akhale makamaka achikhristu. Sukulu zambiri za sekondale sizitsata zimenezi mokwanira, koma lamulolo lilipo.

Kodi nkhani za amuna kapena akazi okwatirana okhaokha zimalowa pamenepa?

Apa ndi pamene makolo ambiri ochokera kwathu amafunsitsa, ndipo yankho lake ndi loti zimalowa, koma kudzera pakhomo lina. Mndandanda wa zinayi uja sutchula nkhaniyi. Chimene chimaitchula ndi lamulo la 2010 loletsa tsankho, Equality Act, limene limateteza anthu pa zinthu 9, monga mtundu, chipembedzo, ulumali, msinkhu, kukhala mwamuna kapena mkazi, ndi amene munthu amakopeka naye. Maukwati otere ndi ovomerezeka ku England kuyambira 2014, choncho m'kalasi mukhoza kukhala mwana amene ali ndi amayi awiri, ndipo sukulu iyenera kumuteteza monga ikutetezera wanu.

Mu 2019 makolo, ambiri mwa iwo Asilamu, anachita zionetsero kwa miyezi pa sukulu za pulayimale za Parkfield ndi Anderton Park ku Birmingham pokana mabuku oonetsa mabanja otere. Nkhani ya Anderton Park inathera kukhothi lalikulu, limene linaletsa zionetsero pafupi ndi mpanda wa sukuluyo.

Malire ake ali motere. Kuyambira Sepitembala 2020 phunziro la maubale ndi lokakamiza, ndipo kholo silingachotsemo mwana. Phunziro la zogonana ndi lina: mungapemphe kuti mwana asalowemo, mpaka atatsala materemu atatu kuti akwanitse zaka 16, pomwe amayamba kusankha yekha. Zimene zili m'phunziro la sayansi, monga kutha msinkhu ndi kubereka, sizichotsedwa. Sukulu iyenera kufunsa maganizo a makolo polemba ndondomeko yake, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuona mabuku ndi zipangizo zimene akugwiritsa ntchito. Malangizo a 2014 aja amanenanso kuti sukulu kapena mphunzitsi sakakamizidwa kulimbikitsa chiphunzitso chosemphana ndi chikhulupiriro chake, koma saloledwa kulimbikitsa tsankho. Mwana wanu akhoza kunena zimene mpingo wake umaphunzitsa. Chimene sangachite ndi kutukwana kapena kuzunza mnzake.

Ndamva kuti aphunzitsi amaneneza ana kupolisi. N'zoona?

Kuyambira pa 1 Julayi 2015, lamulo lolimbana ndi uchigawenga limapatsa sukulu udindo wokhala tcheru kuti ana asakopedwe kulowa m'magulu achiwembu. Umenewu ndiye udindo wa Prevent, ndipo mosiyana ndi mfundo zinayi zija, umagwira ntchito ku England, Wales ndi Scotland. Mphunzitsi akaona chodetsa nkhawa amauza mnzake woyang'anira chitetezo cha ana pasukulupo, ndipo ameneyo ndiye amaona ngati nkhaniyo ipite patsogolo. Ikapita, apolisi amaiunika. Zambiri zimathera pomwepo kapena zimatumizidwa kwa ena othandiza, ndipo zochepa zimafika ku pulogalamu yotchedwa Channel, kumene mwana amapatsidwa womulangiza. Kulowa mu Channel n'kosakakamiza, ndipo kwa mwana pamafunika chilolezo cha kholo. Kutumizidwa ku Prevent si mlandu, ngakhale kuti dzina limasungidwa m'kaundula wa apolisi kwa nthawi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene omenyera ufulu amadandaula nazo.

Zolakwika zachitikapo. Yotchuka ndi ya mu 2016 ku Luton, kumene olera ana anamva molakwa mwana wa zaka zinayi amene ankalephera kutchula bwino dzina la nkhaka m'Chingelezi, iwo n'kuganiza kuti akunena za bomba. M'zaka zaposachedwa ana otumizidwa chifukwa cha maganizo a azungu odana ndi alendo achuluka kuposa otumizidwa pa nkhani za Chisilamu chonyanyira, ndipo ambiri amakopedwa pa intaneti ali m'chipinda chawo chogona.

Vuto lalikulu, mmene ndikuonera, n'loti ntchito ziwiri zinamangidwa pamodzi. Mphunzitsi yemweyo amene akuuza ana kuti yankhulani momasuka, tsutsanani, ndi yemwenso waphunzitsidwa kumvetsera ngati wina wanena choopsa. Mwana wochenjera amazindikira zimenezi msanga n'kutseka pakamwa pa nkhani zimene zikumuvutadi mumtima, monga nkhondo ya ku Gaza, ndipo mafunso ake amakawafunsa kwa anthu osawadziwa pa foni.

Mwana wabwera n'kumati ali ndi ufulu, sindingamukwapule. Sukulu ndiyo yamuuza?

Mwina, ndipo sananame kwenikweni. Chikwapu chinathetsedwa m'sukulu za boma mu 1987. Kunyumba, Scotland inaletsa kumenya mwana mwa njira iliyonse mu 2020, Wales mu 2022. Ku England lamulo la ana la 2004 limalolabe chilango chimene khothi lingachione kuti n'choyenera, koma kumenya kosiya mabala, zipsera kapena kutupa ndi mlandu. Lamba, waya kapena mthiko zikhoza kukubweretserani a zachisamaliro cha ana pakhomo, chifukwa mphunzitsi akaona chipsera kapena mwana akamuuza, alibe mwayi wosunga chinsinsi.

Ufulu umene amaphunzitsidwa sukutanthauza kuti mwana asatsuke mbale kapena asamvere makolo. Mfundo yachiwiri ija, ya malamulo, imaphunzitsa kuti pali malire ndipo kuwaphwanya kuli ndi zotsatira. Kulanda foni, kuletsa kupita kokacheza, kuchepetsa ndalama ya m'thumba, zonsezi lamulo silikuletsani.

N'chifukwa chiyani amazitcha za Britain, ngati kuti kwina kulibe?

Funso limeneli afunsa ndi eni dziko omwe. Bungwe la aphunzitsi la National Union of Teachers linatsutsa dzinali pa msonkhano wake wa 2016, ponena kuti likupereka chithunzi choti chikhalidwe chimodzi n'choposa zina. Mu 2018 komiti ya aphungu a nyumba ya House of Lords inapempha kuti zizitchedwa mfundo zimene nzika za Britain zimagawana, ndiponso kuti zilekanitsidwe ndi nkhani za uchigawenga. Dzina silinasinthe. Oikira kumbuyo amati sananene kuti mfundozi ndi za Britain yokha, koma kuti ndi zimene dzikoli lasankha kuimapo.

Kwa ife ochokera m'maiko amene analamulidwa ndi Britain, nkhaniyi ili ndi minga yake. Nyasaland inakhala pansi pa Britain kuyambira 1891 mpaka 1964, ndipo pafupifupi nthawi yonseyo eni nthaka sankavota. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi, anthu oposa 1,000 anatsekeredwa osazengedwa mlandu, ndipo oposa 50 anaphedwa, osachepera 20 mwa iwo padoko la Nkhata Bay. Kamuzu Banda anakatsekeredwa ku Gwelo, ku Zimbabwe ya lero. Mwana amene agogo ake amakumbukira zimenezi akamauzidwa kuti demokalase ndi ufulu n'zachibadwa kwa Britain, ali ndi chifukwa chokwezera dzanja.

Koma mbiri yomweyo ili ndi mbali ina imene sitiyenera kuibisa. Boma la Britain la Harold Macmillan linatuma woweruza milandu, Patrick Devlin, kuti akafufuze, ndipo lipoti lake la mu Julayi 1959 linanena poyera kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ngakhale kwa kanthawi. Boma linakwiya, koma lipotilo linasindikizidwa ndipo linakambidwa m'Nyumba ya Malamulo. Woweruza kutsutsa boma limene lamutuma ndiye ulamuliro wa malamulo umene akunenawo. A Malawi anaonanso zotere kwawo pa 3 Febuluwale 2020, pamene oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019.

Ku Britain komweko mfundozi sizinagwe kumwamba. Akazi anayamba kuvota mofanana ndi amuna mu 1928. Mu 1963 anthu akuda ku Bristol ananyanyala mabasi chifukwa kampani inkakana kuwalemba ntchito yoyendetsa ndi yodula matikiti, ndipo lamulo loyamba loletsa tsankho la mtundu linabwera mu 1965. Mphunzitsi wabwino amaziphunzitsa motero, ngati zinthu zimene anthu anazimenyera, ena mwa iwo alendo ndi ana a alendo. Wophunzitsa ngati cholowa cha mtundu umodzi ndiye amasiya theka la kalasi kunja.

Sizikufanana ndi ngodya zinayi za nthawi ya Kamuzu?

Amene anaphunzira ku Malawi chisanafike chaka cha 1994 sangalephere kukumbukira: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kufanana kulipo ndithu. Boma lalemba mndandanda, ana auloweza, ndipo pali anthu oyendera kuti aone ngati ukutsatidwa. Kusiyana kuli m'kati mwake. Ngodya zija zinkafuna kuti munthu agonjere mtsogoleri ndi chipani, ndipo wofunsa mafunso ankaonedwa ngati chigawenga. Mndandanda wa ku England, ukatsatidwa moona, umapatsa mwana mphamvu yotsutsa nduna yaikulu, mfumu, ngakhale mndandanda womwewo. Mwana wa sekondale akhoza kulemba nkhani yonena kuti ufumu uthetsedwe n'kukhoza bwino, malinga wapereka zifukwa zomveka.

Kodi mphunzitsi angauze ana chipani choti adzavotere?

Ayi. Lamulo la maphunziro la 1996 limaletsa kukopera ana ku chipani, ndipo limati nkhani za ndale zikabwera m'kalasi, mbali zotsutsana ziperekedwe mofanana. Boma linabwerezanso zimenezi m'malangizo a mu Febuluwale 2022.

Mwa njira, inuyo makolo: nzika za maiko a Commonwealth, monga Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa, zimene zili ndi chilolezo chokhala m'dziko muno zimaloledwa kulembetsa ndi kuvota, ngakhale pa chisankho cha aphungu a ku Westminster. Ambiri sadziwa, amadikira pasipoti ya Britain pachabe.

Ndikufuna ntchito ya uphunzitsi kapena yothandiza m'kalasi. Ndikonzekere chiyani?

Yembekezerani funso limeneli pa intavyu, pamodzi ndi la chitetezo cha ana. Kutchula zinayizo pamtima sikokwanira. Amafuna chitsanzo: mungatani mwana akanena mawu onyoza chipembedzo cha mnzake, kapena akakuuzani kuti kunyumba anamuuza kuti asakhale pafupi ndi ana a mtundu wina. Yankho limene amayembekezera ndi loti simungazinyalanyaze, simungamuchititse manyazi pagulu, mukambirana naye, ndipo mulemba n'kudziwitsa woyang'anira chitetezo cha ana. Dziwaninso kuti malamulo a khalidwe la aphunzitsi amafika mpaka kunja kwa mpanda wa sukulu. Zimene mumalemba pa Facebook zikhoza kukuchotsetsani ntchito, ndipo kwa mphunzitsi zikhoza kufika ku bungwe la Teaching Regulation Agency, limene lili ndi mphamvu yoletsa munthu kuphunzitsa.

Ndikaona kuti sukulu yapyola malire, kapena ikulekerera tsankho, ndipite kuti?

Yambani ndi mphunzitsi wa kalasi, kenako ahedi, ndipo chilichonse chofunika chilembeni pa imelo kuti pakhale umboni wa tsiku ndi zimene munagwirizana. Sukulu iliyonse imayenera kukhala ndi ndondomeko yolandirira madandaulo, ndipo nthawi zambiri imapezeka pa webusaiti yake. Ahedi akalephera, nkhani imapita ku komiti yoyendetsa sukulu, ndipo mukatha njira zonsezi mungalembere unduna wa zamaphunziro. A Ofsted saweruza dandaulo la mwana mmodzi, koma amalandira nkhani zokhudza sukulu yonse, ndipo ali ndi mafunso a pa intaneti otchedwa Parent View amene oyendera amawerenga akabwera.

Ngati mwana wanu akunyozedwa chifukwa cha khungu, katchulidwe ka mawu kapena chakudya chimene watenga, tchulani mfundo zawo zomwezo m'kalata yanu pamodzi ndi Equality Act, ndipo funsani kuti nkhaniyo yalembedwa pati komanso achitapo chiyani. Sukulu zoyendetsedwa ndi khonsolo zimayenera kukhala ndi makolo osachepera awiri m'komiti yoyendetsa sukulu, osankhidwa ndi makolo anzawo, ndipo mpando ukapezeka kalata imatumizidwa kwa kholo lililonse. Sipafunika digiri kapena unzika wa Britain kuti mupikisane nawo, ndipo m'sukulu zambiri ofuna mipando imeneyi amakhala ochepa moti munthu amalowa popanda wopikisana naye.